MyFitnessPal imawerenga bwino mapuloteni, koma mlingo wa tsiku muziika nokha

MyFitnessPal ndi pulogalamu ya pafoni yolembamo zomwe mwadya, ndipo yakhalapo kuyambira 2005. Pa nkhani yotsata mapuloteni imathandiza ndithu, koma pali zinthu ziwiri zofunika kuzikonza musanayambe kuikhulupirira: mlingo womwe imakuikirani pa tsiku, ndi momwe zakudya zathu zinalembedwera m'nkhokwe yake.

Mukalembetsa imafunsa kulemera kwanu, kutalika, zaka ndi cholinga chanu, kenako imakuwerengerani makalori (muyezo wa mphamvu zochokera m'chakudya) a tsiku. Mapuloteni imangowaika pa 20 peresenti ya makaloriwo. Vuto lagona pamenepo, chifukwa thupi limafuna mapuloteni molingana ndi kulemera kwake, osati molingana ndi makalori. Galamu imodzi ya puloteni ili ndi makalori 4. Munthu wa makilogalamu 70 akapatsidwa makalori 2,000, mlingo wake umakhala magalamu 100. Akasankha kuchepetsa thupi n'kutsitsidwa kufika pa 1,500, mlingo uja umatsikanso kufika magalamu 75, chonsecho imeneyi ndi nthawi yomwe akufunika mapuloteni ambiri kuti minofu isathe limodzi ndi mafuta.

Choncho werengani nokha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, mu lipoti lake la 2007, linati munthu wamkulu wathanzi amafunika magalamu 0.83 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Kwa wa makilogalamu 70 ndi magalamu pafupifupi 58, ndipo amenewa ndi ongoteteza kuti thupi lisaperewere. Wonyamula zitsulo kapena wochita masewera olimba amalangizidwa pakati pa 1.2 ndi 2.0, ndipo 1.6 ndi poyambira pabwino: magalamu 112 pa tsiku. Okalamba amalimbikitsidwa 1.0 mpaka 1.2. Amene ndi wonenepa kwambiri awerengere kulemera komwe akufuna kufika, osati komwe ali pano. Odwala impso asakweze mlingo asanaonane ndi dokotala.

Mukapeza nambala yanu, pitani pa Goals, gawo loikira zolinga mu pulogalamuyi. Pulogalamu yaulere imalola kusintha maperesenti okha, ndiponso modumpha asanuasanu. Kulemba magalamu enieni n'kwa olipira Premium. Sizolepheretsa kwenikweni. Pa makalori 1,500, kusankha 30 peresenti kumapereka magalamu 112 ndi theka. Chenjerani kuti mukalemba masewera omwe mwachita, pulogalamuyi imawonjezera makalori a tsikulo ndipo mlingo wa mapuloteni umakwera nawo. Inuyo mungogwiritsa ntchito nambala yomwe munawerengera ija.

Chomwe chimasokoneza anthu kwambiri ndi nkhokwe ya zakudya. Ndi yaikulu, koma zambiri zinalowetsedwa ndi ogwiritsa ntchito anzanu, ena mosasamala. Zokhala ndi chizindikiro chobiriwira ndiye zodalirikako. Mukafufuza nsima mupeza zolemba zosagwirizana, ndipo sizingagwirizane, chifukwa nsima yolimba ndi yofewa zimasiyana madzi, komanso mtanda wa nyumba ina si wa nyumba ina. Njira yabwino ndi kugwiritsa ntchito gawo la Recipes lolembamo zomwe mwaphika nokha, lomwe ndi laulere. Yezani ufa pa sikelo ya kukhitchini musanauthire mumphika, ulembeni, ndipo mukaomola muwerenge mitanda yomwe yatuluka. Ufa wa mgaiwa uli ndi magalamu 8 kapena 9 a puloteni pa magalamu 100 aliwonse. Ukaswedwa m'mitanda, muona nokha kuti nsima payokha singakufikitseni patali.

Cholakwika china ndi kusakaniza chophika ndi chosaphika. Nyemba zouma zili ndi magalamu 21 kapena 22 pa 100, koma zikaphikidwa zimamwa madzi n'kutsala ndi 8 kapena 9. Mukayeza mbale ya nyemba zakupsa n'kusankha zouma mu pulogalamu, idzakuuzani kuti mwadya mapuloteni opitirira kawiri omwe mwadyadi. Nkhuku ndi yosiyana: chidale chosaphika chili ndi pafupifupi 23, chikapsa chimataya madzi n'kufika pa 31. Soya pieces muziwayeza ouma, ndipo muzitenga nambala yomwe yalembedwa pa paketi, popeza makampani amasakaniza mosiyanasiyana. Usipa wouma, theka la kulemera kwake kapena kupitirira ndi puloteni, moti kadzanja kamodzi kamachita zambiri kuposa momwe kamaonekera. Dzira limodzi ndi magalamu 6, kapu ya mkaka ndi 8. Mtedza uli ndi 25 pa 100, koma umabwera ndi makalori oposa 550, ndiye wochepetsa thupi asaudalire kwambiri.

Pofuna kutsimikiza za zakudya zakwathu, buku la Malawian Food Composition Table la 2019 ndi lothandiza kuposa zolemba za anthu osawadziwa. Tengani nambala mmenemo, mupange chakudya chanuchanu mu pulogalamu kamodzi kokha, ndipo chidzakhalapo mpaka kalekale.

Chinthu chomwe MyFitnessPal imachita bwino kwambiri ndi kuonetsa chakudya chilichonse pachokha. Ambiri akayamba kulemba amapeza kuti m'mawa, ndi tiyi ndi buledi, sanafike ngakhale magalamu 10, ndipo zonse akuziunjika madzulo. Kugawa magalamu 25 mpaka 40 pa kudya kulikonse n'kosavuta kukwanitsa kusiyana ndi kulimbana ndi magalamu 80 pa mbale imodzi.

Kusikana barcode (timizere ta pa paketi ya chakudya) kunachotsedwa pa yaulere mu 2022, koma kwa munthu wogula ndiwo pamsika sikunali kofunika kwambiri. Kufufuza chakudya kumafuna intaneti, ndiye bandulo ikhalepo. Yaulere ndi yokwanira. Ndalama yomwe mukadalipira Premium ndi bwino mugulire sikelo yoyeza magalamu.