Wireshark pa netiweki ya IPv4 ndi IPv6 pamodzi: imaona zonse koma siyikuuzani chifukwa

Ngati netiweki yanu ya mu ofesi ikuyendera IPv4 ndi IPv6 nthawi imodzi, zija amati dual-stack, ikani Wireshark, pulogalamu yogwira ndi kuonetsa mapaketi (tizidutswa ta data) oyenda pa netiweki, basi musachedwe. Ndi yaulere, anayiyamba Gerald Combs mu 1998 ikutchedwa Ethereal, dzina la Wireshark linabwera mu 2006, pa Windows imafuna kapulogalamu kothandizira kotchedwa Npcap kuti izigwira mapaketi.

Vuto la dual-stack ndiloti limabisala heavy. Ngakhale IPv6 yasokonekera, browser imatsegula mawebusaiti bwinobwino chifukwa cha njira yotchedwa Happy Eyeballs ya mu RFC 8305 (ma RFC ndi zikalata za malamulo a intaneti), imayamba kuyesa IPv6, ikaona kuti pafupifupi ma millisecond 250 adutsa osayankhidwa imayesanso IPv4, ndiye aliyense amangoti intaneti ili bho. Koma ssh (yolowera pa seva muli patali) kapena pulogalamu yakale yomwe ilibe nzeru zimenezi imangoti zii kudikira mpaka timeout, anthu n'kumanamizira seva yosalakwa.

Apa ndi pomwe Wireshark ndimayipatsa ulemu. Mukalemba icmpv6.type == 134 mu kabokosi ka filter mumaona ma Router Advertisement (RA) onse, mauthenga omwe rauta imadzilengezera, ndani akulengeza prefix (chigawo choyambirira cha maadiresi a netiweki), adiresi yake ya fe80:: ndi iti, lifetime ndi yotalika bwanji. Ma RA amapita pa ff02::1 kwa makina onse, ndiye ngakhale pa switch mumawaona osavutika ndi port mirroring (kukopera mapaketi a port ina ku port yanu). Kangapo konse ndapeza kuti si rauta yeniyeni yomwe ikulankhula koma laputopu ya munthu yomwe anayatsa zogawa intaneti, ikulengeza prefix yopita ku malo opanda kanthu, makompyuta onse n'kuyikhulupirira ngati mphunzitsi wabodza mkalasi. Mukawonjezera dns.qry.type == 28 mumaonanso mafunso a AAAA, ofunsa adiresi ya IPv6 ya dzina, n'kudziwa ngati DNS yanu yamkati ikupereka adiresi ya IPv6 yomwe makinawo anaisiya kalekale.

Chinanso chomwe chimatuluka poyera ndi anthu otseka ICMPv6 (mauthenga oyendetsera IPv6) yonse pa firewall poganiza kuti ndi ping chabe. Mu IPv6 rauta siyiduladula paketi yayikulu panjira, imabweza uthenga wa Packet Too Big, type 2, ndipo mukautseka kulumikizana kumayamba bwino kenako fayilo yayikulu imangoima pakati. Mu Wireshark mumaona mizere ya TCP retransmission (kutumizanso paketi yomwe sinafike) yokhayokha yakuda bii.

Tsopano pomwe imandikhumudwitsa. Kusankha adiresi kumachitika mkati mwa kompyuta paketi isanatuluke, ndiye Wireshark imangokuonetsani zomwe zasankhidwa, chifukwa chake muzifufuza nokha. Chitsanzo, mwapereka ma ULA, maadiresi a IPv6 ogwira ntchito mkati mokha, a fd00::/8 kwa maseva anu, mukuyembekeza kuti zonse zamkati ziziyenda pa IPv6, koma mukuona mapaketi onse akadali pa IPv4. Si Wireshark yomwe ingakuuzeni kuti mu RFC 6724 ya 2012 tebulo losankhira adiresi limapatsa IPv4 precedence 35 pomwe fc00::/7, momwe muli ma ULA, ili ndi 3 yokha, kutanthauza kuti IPv4 imapambana ULA. Zimenezo mumaziona pa netsh interface ipv6 show prefixpolicies ngati ndi Windows, pa Linux mumatsegula /etc/gai.conf, ndipo makina osiyana satsatira tebulo lofanana, izi zimasokoneza kwambiri.

Maonekedwe akenso ndi odzadza zedi kwa woyamba kumene, mizere ikuthamanga ya mitundu yosiyanasiyana, popanda filter mumangozunguzika. Komanso samalani ndi capture filter (yosankha zoti zigwidwe) ndi display filter (yosankha zoti zioneke), kalembedwe kake sikafanana, pa capture mumalemba icmp6 pomwe pa display ndi icmpv6, mukasakaniza kabokosi kamafiira.

Ine ndikuyipatsa nyenyezi 4 pa 5. Muziyiyatsa musanalumikize waya kapena Wi-Fi, kuti mugwire Router Solicitation ya type 133, uthenga womwe kompyuta imafunsira rauta, ndi yankho lake kuyambira pachiyambi.