Sitolo ya zipangizo zaulimi ya ku Luchenza: katundu ndi wabwino, koma mzere suyenda mwachilungamo

Ndakhala ndikugula feteleza m'sitolo ina ya ku Luchenza kwa zaka zingapo, ndipo pa ubwino wa katundu sindingadandaule, chifukwa matumba ake a makilogalamu 50 amakhala odzaza, osasakaniza ndi mchenga monga timamvera kwina. Mitengo ndiyo inakwera kwambiri ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, koma pamenepo mwini sitolo sindimuimba mlandu, pakuti mfundo zimenezo zimapangidwa ku Lilongwe.

Chimene chinandikhumudwitsa ndi tsiku logula feteleza wotsika mtengo. Alimi tinafika m'bandakucha, ena atachoka kumidzi yozungulira minda ya tiyi, koma anthu odziwana ndi akuluakulu a chipani ankalowera kuseri n'kutuluka ndi matumba, ife tili padzuwa. Nditapempha kuona mndandanda wa oyenera kupindula, kalaliki anandiyankha kuti zimenezo si zanga, ngakhale kuti lamulo lopereka mwayi wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020. Nkhaniyi ndaitula kwa khansala wathu ndi ku komiti ya chitukuko ya m'dera, ndipo mbewu ndipitirizabe kugula pomwepo.