Kupimitsa mabuleki ku Chipata musanatsikire ku Luangwa: zimene garaji ina imachita bwino ndi zimene imasiya

M'Chipata magaraji olemba pakhoma kuti amakonza mabuleki ndi ambiri, koma ambiri mwa iwo amangoyang'ana ndi maso, kumanga apa ndi apo, n'kukuuzani kuti pitani bwino. Garaji imene tikuiunika pano ili kumbali ya tauni kumene msewu umatulukira kuloza ku Katete. Ili ndi dzenje limodzi lalitali lokwana thiraki ya ma axle atatu, kompresa, majeke akuluakulu, ndipo imagulitsa ntchito yopima mabuleki ulendo wautali usanayambe. Ntchito imeneyi ndi yoyenera kuilipira, makamaka kwa eni mathiraki onyamula chimanga, soya, nshawa ndi fodya kupita ku Lusaka, ngakhale pali zinthu zinayi zimene eni garajiyi ayenera kukonza.

Msewu wa Great East umanyenga dalaivala. Kuchokera ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570. Chipata ili pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndipo kudutsa Katete, Sinda, pamphambano ya Petauke mpaka ku Nyimba msewu umangokwera n'kutsika pang'onopang'ono. Chigawo chonse chochokera ku Mwami, pa malire a Malawi, kukafika pa mlatho wa Luangwa chinakonzedwanso, phula lake ndi losalala, ndiye phazi limalemera pa mafuta. Pamtunda wonsewo mabuleki sagwira ntchito yolimba: kuima pa toll gate ya Katete, kuima pa ina kufupi ndi Nyimba, kuchepetsa liwiro pa mahampu ndi popewa njinga kapena ngolo. Thiraki ya mabuleki ofooka imadutsa zonsezi popanda kudziulula. Mukapitirira Nyimba, kulowa mapiri a ku Kacholola, nkhani imasintha. Msewu umakhotakhota, umatsika, umakwera pang'ono, umatsikanso, mpaka pa mlatho umene unatsegulidwa mu 1968, pamene mtunda uli pansi pa mamita 500. Kutsidya kwa mtsinje kuli mapiri a Manenekela ku Rufunsa, kumene msewu ndi wopapatiza ndipo mbali ina ndi phompho. Pamenepo ndi pamene thiraki imaonetsa zimene makanika anabisa.

Chimene garajiyi imayambira ndi mpweya, ndipo imayamba molondola. Amalizitsa injini mpaka geji ifike pamene kompresa ya thirakiyo imadulira, pakati pa ma bar 8 ndi 12 (bar ndi muyeso wa mphamvu ya mpweya) malinga ndi mtundu wake. Kenaka amazima injini, amaika zitsa kumatayala, amamasula handibuleki, ndipo mmodzi amaponda buleki n'kuigwira mphindi yathunthu akuyang'ana wotchi. Singano ya geji ikatsika koyamba n'kukhazikika, siyenera kutayanso kuposa 0.2 bar pa thiraki yopanda telela, kapena 0.3 bar pa hosi (mutu wa thiraki wokoka telela) ndi telela. Ikapitirira apo amatenga madzi a sopo m'botolo n'kupopera pa majointi a mapaipi, pa ma valve ndi pa ma booster (zitini za pa magudumu mmene mpweya umakankha ndodo yogwiritsa buleki) mpaka thovu litawonetsa podontha. Amatsegulanso timipopi ta pansi pa matanki a mpweya. Kukatuluka madzi, ndiye kuti katiriji ya air dryer, chipangizo chochotsa chinyezi mu mpweya, yatha. Kukatuluka madzi osakanikirana ndi oilo, akuda ngati phala la mawere lopserera, ndiye kuti kompresa ikulavula oilo, ndipo kusintha katiriji yokha n'kutaya ndalama chifukwa yatsopanoyo idzaonongeka m'milungu yochepa. Amakanika a pano amanena zimenezi poyera, sakugulitsani katiriji kuti mungochoka.

Gawo limene limapangitsa kuti ntchito yawo ikhale yosiyana ndi ya anzawo ndi kuyeza ndodo ya booster. Makanika amalowa m'dzenje ndi choko ndi rula yachitsulo. Amalemba mzere pa ndodo pamene ikutulukira m'booster buleki ili yomasuka, mnzake amaponda mpweya uli pakati pa ma bar 6 ndi 7, ndipo amayeza kutalika kumene mzerewo wayenda. Pa booster wamba ya type 30 malire ndi mamilimita 51, pa type 24 ndi mamilimita 45. Ma booster a ndodo yaitali ali ndi malire awoawo, n'chifukwa chake amayamba awerenga chidindo cha pa booster asanaweruze. Amayeza gudumu lililonse, osati limodzi kuimira onse.

Chifukwa chake muyeso umenewu uli wofunika chotere n'choti dramu ya buleki ikatentha imafufuma, n'kutalikirana ndi lining, chikamba chimene chimakhula dramuyo kuti gudumu liime. Ndodo iyenera kuyenda mtunda wochulukirapo kuti lining ikhudze dramu. Ngati thiraki ili yozizira pa garaji ndodo ikuyenda kale mamilimita 50, pamtsetse wautali wa ku Kacholola idzafika pamapeto pake lining isanagwire mwamphamvu. Geji idzaonetsa mpweya wokwanira, phazi lidzakhala pansi, koma thiraki idzapitirira. Madalaivala ambiri akamafotokoza ngozi amati mabuleki anathawa mwadzidzidzi, pamene zoona zake n'zakuti anali m'malire kuyambira pamene ankachoka ku Chipata. Palinso vuto lina. Magudumu awiri akakhala omasuka kwambiri, ntchito yonse imagwera pa otsalawo, amenewo amatentha msanga n'kufooka nawonso. Ndipo ngati mbali imodzi ikugwira kuposa inzake, thiraki imakokera kumbali pakona, pamene palibe malo okonzera cholakwa.

Pa ma slack adjuster odzisintha okha, tizitsulo tochepetsa mpata wa pakati pa lining ndi dramu, garajiyi imakana kuwamanga ndi sipanala kuti muyeso uoneke bwino. Amati ngati yodzisintha yokha yasiya ndodo kupitirira malire, ndiye kuti yafa kapena mabushi a S-cam, chitsulo chokankha lining kuti ikhudze dramu, atha, ndipo kuimanga kumangobisa vutolo kwa tsiku limodzi. Akunena zoona, ngakhale eni mathiraki ena amachoka atakwiya chifukwa adjuster yatsopano ndi yokwera mtengo kuposa kumanga nati.

Lining amaiona kudzera pa kabowo ka kumbuyo kwa dramu ndi tochi. Ikachepera mamilimita 6 amati isinthidwe, ndipo amasintha mbali zonse ziwiri za axle nthawi imodzi. Amayang'ananso ngati hub seal, labala yotseka oilo wa m'gudumu, ikudontha, pakuti lining yonyowa ndi oilo sichira: kuitsuka ndi petulo kapena kuiwamba pamoto, monga ena amachitira m'mbali mwa msewu, sikubweza mphamvu yake. Akakayikira amachotsa dramu kuti aone ming'alu ndi mawanga abuluu osonyeza kuti inapsapo. Chinthu china chimene amachita, chimene ena amachiiwala, ndi kutsatira paipi iliyonse mpaka pa booster yake. Pali chizolowezi choipa pakati pa madalaivala ena chopinda paipi ya booster yobooka n'kuimanga ndi waya kuti mpweya usathawe, ndiye gudumu limenelo limayenda lopanda buleki miyezi ndi miyezi. Garajiyi ikapeza zotere silola kuti thiraki ituluke m'dzenje ngati yapimidwa bwino.

Amayesanso exhaust brake, buleki yotseka utsi kuti injini igwire galimoto, ndipo apa eni ma Canter ndi ma Dyna amvetsere. Pa malole ang'onoang'onowa kachitseko ka m'paipi ya utsi kamagwidwa ndi mwaye, kapena switch ya pa kilachi imafa, ndipo dalaivala amangozolowera kuyenda popanda. Kuikonza nthawi zambiri ndi ntchito yaifupi, koma ndiyo imapumitsa mabuleki a phazi pamtsetse.

Magalimoto ang'onoang'ono ndi maminibasi amawapimanso, ngakhale zikuoneka kuti mtima wawo uli pa mathiraki. Ali ndi kachipangizo koviika mu brake fluid koonetsa kuchuluka kwa madzi. Fluid ya DOT 4 yatsopano imawira pa madigiri 230 kapena kuposa, koma ikamwa chinyezi imatha kuwira pa madigiri 155. Ikawira mumapaipi mumakhala nthunzi, ndipo pedulo imangolowa pansi. M'chigwa cha Luangwa mwezi wa Okutobala, galimoto itadzaza anthu ndi katundu, kutentha kotero kumafikika mosavuta. Fluid isinthidwe zaka ziwiri zilizonse, ndipo mapadi akafika mamilimita 3 achoke. Amawerenganso manambala anayi a m'mbali mwa tayala: 2318 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Matayala ogwiritsidwapo kale amene amagulitsidwa m'misika ya m'tauni amatha kukhala ndi mizere yakuya koma mphira wake ndi wokalamba, wong'aluka m'mbali. Ndipo magalimoto ambiri ochokera ku Japan amabwera ndi matayala a nyengo ya chisanu olembedwa studless, amene mphira wake ndi wofewa ndipo sagwira bwino pa phula lotentha kapena lonyowa ndi mvula.

Tsopano zimene zikusowa. Choyamba ndi chachikulu: garajiyi ilibe makina a ma roller oyezera mphamvu ya buleki pa gudumu lililonse. Rula imakuuzani kuti ndodo ikuyenda bwino, koma siikuuzani ngati lining yotchipa ikugwiradi. M'malo mwake amayendetsa thiraki pabwalo lafumbi n'kuona mizere imene matayala asiya. Njira imeneyi imagwira zolakwa zazikulu zokha, ndipo thirakiyo imakhala yopanda katundu. Motero kupimitsa pano sikulowa m'malo mwa fitinesi ya ku RTSA, bungwe la boma loona za magalimoto pamsewu.

Chachiwiri, salimbikira kuti mubwere ndi telela. Mukabwera ndi hosi yokha amaipima n'kukulipiritsani, chikhalirecho ma axle a telela ndiwo amanyamula gawo lalikulu la katundu, ndipo ndiwo amanyalanyazidwa kwambiri chifukwa telela imasinthana manja. Telela yopanda mabuleki imakankha hosi pamtsetse mpaka ziwirizo zitapindana pakona. Garaji yodziwa ntchito chonchi inayenera kukana kupima theka.

Chachitatu ndi masipeya. Amasunga lining ndi ma diaphragm (malabala a m'kati mwa booster) a mitundu iwiri, okwera mtengo ndi otchipa, ndipo mukapanda kufunsa amaika otchipa poganiza kuti ndi zimene aliyense akufuna. Funsani, onani bokosi, ndipo pemphani kuti zakale zimene achotsa azibweze m'manja mwanu. Chachinayi, miyeso yonse yabwinoyi amailemba ndi choko pa chassis basi. Risiti imangonena kuti mabuleki apimidwa. Mwini thiraki amene watuma dalaivala sadziwa kuti gudumu liti linali pa mamilimita angati, ndipo mwezi wamawa palibe choyerekezera. Pepala limodzi la mizere lingathetse zimenezi. Pakali pano jambulani chokocho ndi foni.

Pa manati a magudumu amachita bwino theka. Ali ndi torque wrench ndipo amaigwiritsa ntchito, pafupifupi 600 Nm pa masitadi a M22 kapena monga buku la thirakiyo likunenera, m'malo modumphira pa chipaipi. Koma sakumbutsa dalaivala kuti gudumu limene lachotsedwa liyenera kumangidwanso pakatha makilomita 50 mpaka 100. Kwa wochoka ku Chipata, ndiye kuti aime ku Katete n'kuyesa nati iliyonse.

Pali zimene ngakhale makanika waluso sangakuchitireni. Lole yolembedwa matani 3 malire ake ndi matumba 60 a makilogalamu 50, ndipo mukaikapo 100 mabuleki amene apimidwa bwinowo akulimbana ndi matani 5. Liwiro likawirikiza kawiri, kutentha kumene mabuleki ayenera kumeza kuti thiraki iime kumawirikiza kanayi. Giya yotsika ilowe musanayambe kutsetsereka, osati pakati, chifukwa thiraki ikathamanga giya imakana kulowa ndipo mumatsala mu nyutulo. Kutsika mu nyutulo pofuna kusunga dizilo ndi kumene kwapha anthu ambiri osalakwa: injini siigwira, kompresa imapopa pang'onopang'ono, ndipo kupondaponda buleki kumamaliza mpweya. Imani pamalo otakasuka musanalowe mapiri, yendani mozungulira thiraki, yandikizani dzanja pa dramu iliyonse osaikhudza. Yotentha kuposa zinzake ikukhula, yozizira siikugwira ntchito. Pa shelefu ya garajiyi pali ma triangle ndi ma chevron owala, ndipo ndi bwino kugula: nthambi za mitengo zoyala pamsewu sizioneka usiku, ndipo basi yotuluka pakona imaziona itafika kale pa thiraki yakufayo. Zipatala za m'njira, St Francis ku Katete, cha boma ku Nyimba ndi St Luke's ku Mpanshya, zili motalikirana, ndipo m'mapiri netiweki ya foni imasowa m'malo ena.

Ntchitoyi ikuyenera aliyense wotsikira ku Luangwa ndi katundu, wopita ku Mfuwe kumene msewu umatsikiranso m'chigwa, ndi mathiraki olowera ku Chanida kupita ku Mozambique. Kupima hosi ndi telela kumatenga m'mawa wonse ngati palibe chosintha. Dzenje ndi limodzi, choncho nyengo yogula mbewu, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mzere umatalika, ndiponso masiku oyandikira miyambo ya Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale ndi Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti maminibasi amadzaza pabwalo. Bwerani dzulo lake la ulendo, musanapakire katundu, ndi telela imene mudzakoke, ndipo mtengo wa kupima mugwirizane padera ndi wa masipeya makanika asanalowe m'dzenje.