Kashopu ka ku Old Town komwe ndimagula manovelo akale a za ufiti

Anthu angapo akhala akundifunsa kuti timabuku tachikasu tija ndimawerenga mu minibasi ya ku 25 ndimatitenga kuti, ndiye lero ndingonena basi. Kuli kashopu kena ka mabuku a kaunjika ku Old Town ku Lilongwe, mukachoka ku depoti ngati mukulowera ku Malangalanga, kakang'ono zedi moti mutha kungodutsa osakaona chifukwa panja amayala mabuku a MSCE, madikishonale ndi mabaibulo. Eni ake ndi bambo achikulire ndithu, ine ndimangoti madala. Zomwe ndimapitira ine zimakhala mkati, mu katoni ya pansi pa tebulo, ndipo sayitulutsa pokhapokha muwafunse.

Tsiku loyamba nditafunsa ngati ali ndi manovelo oopsa akalekale anandiyang'ana kaye nthawi yaitali, kenako nkuti, "Mwanawe, ukufuna kuwerenga chabe kapena pali zina?" Ndinati kuwerenga madala, ndi kusunga. Ndi pomwe anakoka katoni ija nkundiuza kuti anasiya kuwayala panja chifukwa amayi ena anawazazira kuti akugulitsa za satana pafupi ndi mawu a Mulungu. Amayiwo sindingawanene, zikuto zake nzoopsadi, mbuzi ya nyanga, makandulo akuda, zigaza.

Ambiri ndi a ku Britain a m'ma 1960 ndi 1970, osindikizidwa ndi makampani a Pan, Arrow, Sphere ndi New English Library. Mlembi Dennis Wheatley ndiye wadzadza mmenemo. Novelo yake The Devil Rides Out inatuluka koyamba 1934 koma yanga ndi ya Arrow ya pambuyo pake, ndinaipeza momwemo. Chomwe ndikusaka kwambiri ndi mndandanda uja Sphere inatulutsa kuyambira 1974 mpaka 1977 wotchedwa Dennis Wheatley Library of the Occult, onse alipo 45, ine ndili nawo 6 okha ndipo 4 mwa amenewo anachokera mu katoni ya madalawa, ndiye mutha kuona chifukwa chake sindidumphitsa mwezi osapitako. Wheatley amatha kukugwira usiku onse osagona, zoona, koma ndinene chilungamo, mmene amalembera za anthu akuda zimandinyansa, pali masamba ena ndimatseka buku kaye nkupuma. Amene mukuyamba kumene mudziwiretu zimenezo.

Kachinthu kena komwe anandiphunzitsa madala eni akewo: yang'anani mtengo womwe unasindikizidwa pachikuto. Mukaona za 3/6 ndiye kuti ndi la nthawi ya mashereni, Britain isanasinthe ndalama mu 1971, chaka chomwechonso ife tinayamba kugwiritsa kwacha. Mukaona 30p kapena 40p ndi la pambuyo pake. Iwo manovelowa sawerenga ayi koma pepala amalidziwa, akangonunkhiza amakuuzani kuti ili linakhala nthawi yaitali mu sutikesi.

Koma buku lomwe landipangitsa kulemba zonsezi si la Wheatley. Ndi Witchfinder General la Ronald Bassett, la 1966, lomwe anadzapangira filimu mu 1968. Ndinaligula ndikuganiza kuti ndi nkhani ya afiti owuluka, koma mulibe mfiti olo mmodzi, woopsa mmenemo ndi munthu wosaka afitiyo. Ndipo munthuyo, Matthew Hopkins, analikodi. Cha m'ma 1645 mpaka 1647, ku England kuli nkhondo yapachiweniweni, iyeyu ndi mnzake John Stearne amayenda matauni a kum'mawa kwa dzikolo nkumalipidwa kuti atchule afiti. Woyamba kumugwira ku Manningtree anali Elizabeth Clarke, mayi wosauka wa mwendo umodzi. Amawakhazika anthu masiku angapo osagona mpaka avomere, amawabaya ndi zisingano kufuna pomwe sipamva kuwawa, ena amawamanga nkuwaponya m'madzi ati akayandama ndiye mfiti. Ngakhale m'busa wa zaka pafupifupi 80, John Lowes, anamuthamangitsa m'chipinda usiku ndi usiku mpaka anavomera, nkumunyonga. Ndipo ku England afiti amanyongedwa, samawotchedwa ngati mmene zikuto zambiri zimajambulira, zamoto zija nzogulitsira buku chabe.

Ndinaliwerenga usiku magetsi atazima, ndi tochi ya pafoni, ndipo sindinaope mizukwa ayi, ndinangoyamba kuganiza za kumudzi kwathu. Mwana akadwala mwadzidzidzi, mphenzi ikagwa, chala chimaloza ndani? Gogo yemwe amakhala yekha kumapeto kwa mudzi, wamasiye, wopanda womuyankhulira. Sing'anga amene amabwera kudzatchula afiti naye amalipidwa, ngati Hopkins yemwe. Zamadzi zija ndi mwabvi wathu uja basi, mayeso oti wosalakwa angathe kufa nawo. Lamulo lathu la za ufiti la 1911 limaletsa kumwetsa mwabvi komanso kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma tonse timamva pa wailesi agogo akugumulidwira nyumba, ena kuphedwa kumene. Nditawafotokozera madala aja anangoti chete, kenako anati azakhali awo anathamangitsidwa pamudzi iwo ali mnyamata, sanabwererenso. Sitinakambenso za mitengo tsiku limenelo.

Tsono zodandaula zilipo, ndipo ndinawauza pamaso. Katoni ija imakhala pa simenti penipeni, nthawi ya dzinja chinyontho chimalowa, mabuku apansi amatupa nkuchita nkhungu. Mapepala a mabuku amenewa ndi otchipa kale, amafiira okha nkumathetheka, guluu wa kumsana anauma kalekale ndiye ukangotsegula kwambiri masamba amasololoka. Pamenepo nkuwonjezera mphemvu ndi chiswe. Ndinagulapo limodzi la nkhani zifupizifupi za Pan, kufika kunyumba masamba anayi akumapeto mulibe, nkhani yomaliza sindikudziwa mpaka lero kuti inatha bwanji. Anandisinthira osavuta, pamenepo ndiwayamikire. Koma selotepi! Chikuto chikangong'ambika amamata selotepi yoyera ija yomwe pakapita zaka imasiya banga la bulauni losachoka, komanso mtengo amalemba ndi maka pachikuto penipeni pa chithunzi. Ndawapempha kuti azilemba ndi pensulo mkati, akuti ana amafufuta.

Mitengo ndi yabwino, buku limodzi silifika ngakhale mtengo wa chipisi cha nkhuku cha mu Area 47, ndipo mukatenga atatu amachotserako mukanenerera mwaulemu. Airtel Money amalandira. Pitani m'mawa pakati pa sabata, Loweruka kumadzadza makolo ofuna mabuku a sukulu ndipo sakhala ndi mpata wokoka katoni. Musanalipire werengani manambala a masamba akumapeto, mugwedeze buku pang'ono, kakagwa kafumbi ngati ufa ndiye kuti muli tizilombo, limenelo musakaliphatikize ndi anzake kunyumba.

Sabata yatha ndinawapititsira chidebe chapulasitiki chachivindikiro choti azisungiramo. Anachilandira ndi manja awiri, tinasamutsira limodzi mabuku onse, ndipo pansi penipeni pa katoni tinapeza lina la Sphere lomwe ndinalibe, chiswe chitadya kale theka la chikuto. Ndinalitengabe.