Zimbale zinayi za jazz, patatha miyezi isanu ndi itatu

Mlamu wanga atabwera kuchokera ku Johannesburg mu Epulo, anandibweretsera zimbale zinayi za jazz zimene ndinamutuma, zija zakuda zoimbira pa galamafoni. Tsopano tili mu Disembala, ndipo chimene chatenga mtima wanga si chimene ndinkachiyembekezera.

Chimene ndinkachilakalaka chinali Kind of Blue cha Miles Davis, chojambulidwa ku New York masiku awiri okha, pa 2 Malichi ndi pa 22 Epulo 1959. Mwezi woyamba chinkalira tsiku lililonse. Lipenga la Davis silipupuluma, limasiya mpata kuti khutu lipume, ndipo mlendo amene sanamvepo jazz ndimamuyambitsira pamenepa. Osonkhanitsa zimbale adziwe chinthu chimodzi: pa zimbale zakale, nyimbo zitatu za mbali yoyamba zimathamanga pang'ono kuposa momwe zinaimbidwira, chifukwa makina ena ojambulira ankayenda pang'onopang'ono. Vutoli linakonzedwa mu 1992. Changa n'chatsopano, choncho chilibe zimenezo.

Koma chimene chikutha ndi singano ndi Waltz for Debby cha Bill Evans. Tsiku loyamba chinandikwiyitsa. Chinajambulidwa anthu akumwa ndi kucheza ku kalabu ya Village Vanguard, ku New York, pa 25 Juni 1961, ndiye mumamva matambula akugundana, wina akuseka chapatali, pomwe piyano ikunong'ona. Ndinachibweza m'chikuto, n'kukhala milungu itatu osachikhudza.

Usiku wina mu Juni, kukuzizira, ana atagona, ndinachiikanso mawu ndili nditatsitsa. Pamenepo m'pamene ndinamva besi ya Scott LaFaro. Ife tinazolowera kuti besi imatsatira kumbuyo ngati mwana wonyamula katundu. Iyi ayi. Evans akanena mawu pa piyano, LaFaro amamuyankha, nthawi zina amamudula pakamwa, nthawi zina amamutsogolera, uku Paul Motian akusesa ng'oma ndi timaburashi take mwakachetechete. Ndi anthu atatu ocheza pakhonde, aliyense akumvera mnzake. Nyimbo yoyamba, My Foolish Heart, imayenda pang'onopang'ono moti mumamva chala chikusiya chingwe. Patangopita masiku 11 chijambulireni, pa 6 Julayi, LaFaro anamwalira pa ngozi ya galimoto ali ndi zaka 25. Chidziwireni zimenezi, phokoso la matambula lija silindisowetsanso mtendere. Ndimangoganiza kuti anthu aja ankacheza osadziwa kuti atatuwa akuimba limodzi komaliza. Chonde, chimbale ichi musachiweruze pomvera pa sipika ya foni, besi yonse imasowa ndipo mwataya theka la nkhani.

A Love Supreme cha John Coltrane sindichiika kawirikawiri, mwina kawiri pa mwezi, chifukwa sichilola kuti muzichimvera mukusenda mbatata. Ndi pemphero la mphindi pafupifupi 33, m'zigawo zinayi, lojambulidwa pa 9 Disembala 1964, ndi McCoy Tyner, Jimmy Garrison ndi Elvin Jones. M'kati mwa chikuto muli ndakatulo yothokoza Mulungu imene Coltrane analemba, ndipo m'chigawo chomaliza, Psalm, sakisofoni yake imaimba mawu a ndakatuloyo mzere ndi mzere popanda kuwatchula. Lamlungu lina ndinatsatira ndi chala papepalapo mpaka kumapeto, misozi inalengeza. Ichi n'chifukwa chake ndikuti pa chimbale chimenechi gulani chokhala ndi chikuto chotsegula.

Chachinayi ndi Mannenberg cha Abdullah Ibrahim, amene panthawiyo ankadziwika kuti Dollar Brand, chojambulidwa ku Cape Town mu 1974, Basil Coetzee ali pa sakisofoni. Ichi ndi cha banja lonse. Amalume, amene anagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni, atangochimva anayamba kugwedeza phewa ali pampando, n'kunena kuti ndichiyambenso.

Kusamala zimbalezi ndi ntchito. Fumbi la chilimwe limalowa paliponse, moti ndimapukuta mbali iliyonse ndi kaburashi kofewa ndisanaike singano. Mu Okutobala ndinasiya Mannenberg patebulo pafupi ndi windo masana onse, ndipo dzuwa linachipinda pang'ono m'mphepete. Chimalirabe, koma singano imakwera ndi kutsika ngati bwato panyanja, ndipo zimandipweteka mtima ndikamaona. Tsopano zonse zimakhala choimirira, m'kabati ya kuchipinda kozizirira.

Mlamu akubweranso pa Khirisimasi. Ndamutuma chimodzi chokha, Sunday at the Village Vanguard, chojambulidwa tsiku lomwe lija la 25 Juni, chimene chimayamba ndi kutha ndi nyimbo zopeka LaFaro mwini.