Kalasi ya Chingerezi yamadzulo: zomwe ndinapezako pa miyezi itatu

Ndine namwino kuno ku Lilongwe, ndipo ndatha miyezi itatu ndikupita ku kalasi yamadzulo yokonzekera mayeso a Chingerezi a IELTS. Bungwe lolembetsa anamwino ku Britain, la NMC, limafuna kuti pa mayesowa munthu apeze 7 pa kuwerenga, kumvetsera ndi kuyankhula, komanso 6.5 pa kulemba. Ine kulembako ndi kumene kunkandivuta. Anzanga ku wodi akhala akundifunsa ngati ndalama yomwe ndimalipira mwezi ndi mwezi siikupita pachabe, ndiye ndati ndiwayankhire pamodzi.

Sabata yachiwiri tinalemba chimangirizo cha kuyamwitsa. Ndinayamba ndi mawu omwe ndinkawanyadira: "Conventional wisdom says babies should be breastfed for six months." Mumtima mwanga mawu awiri oyambirirawo ankatanthauza nzeru zokhazikika, zija za akuluakulu zomwe munthu sutsutsa. Pepala linabwera atawadula mzere wofiira kunsi kwake.

"Anamwino," anandifunsa aphunzitsi athu, mayi wachikulire woyankhula mofatsa, "kodi mukufuna kutsutsa zoyamwitsa mwakathithi?"

Ndinadzidzimuka. Ine ndimaphunzitsa amayi zimenezi ku sikelo tsiku ndi tsiku, monga momwe bungwe la WHO limanenera, miyezi 6 bere lokha. Ndingazitsutse bwanji?

Apa ndi pamene ndinaona luso lawo. Sanangondiuza kuti ndalakwitsa. Anatifotokozera kuti mwini chiyankhulo akawerenga "conventional wisdom" amayamba kudikira "but" kutsogoloko, chifukwa nthawi zambiri mawuwa amatchula zimene anthu ambiri amavomereza, kenako wolembayo n'kuzigwedeza. Anatiuzanso kuti amene anawatchukitsa ndi katswiri wa zachuma wobadwira ku Canada, John Kenneth Galbraith, m'chaka cha 1958, ndipo iye ankanena za maganizo amene anthu amawakumbatira chifukwa anawazolowera ndipo sawasowetsa mtendere. Ndiye kuti ine ndinaika uphungu wa chipatala pampando wa zinthu zokayikitsa, osadziwa.

Kenako anatipempha kuti aliyense apeze chitsanzo cha kuntchito kwake. Changa chinali cha zilonda za m'mimba. Kwa zaka zambiri madokotala enieniwo ankakhulupirira kuti zimayamba ndi nkhawa ndi asidi wochuluka, mpaka madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anaonetsa kuti zambiri mwa zilondazi zimayambitsidwa ndi kachilombo ka Helicobacter pylori. Analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Aphunzitsi anaomba m'manja, amvekere: "Pamenepo ndiye pamalo pake." Anatilembera pa bolodi momwe mawuwa amayendera: "conventional wisdom has it that", kapena "holds that", ndipo saikidwa "s" kumapeto.

Mnzanga wina anatchula zoti mango amayambitsa malungo. Iwo anati zotere, zomwe zimamveka pamsika ndi kumudzi koma akatswiri sanazivomerezepo, zimakhala bwino ndi "contrary to popular belief". Tinachedwa pamenepo kukambirana kuti mango amapsa mvula ikamayamba, nthawi yomwe udzudzu ukuswana, n'chifukwa chake chipatso chosalakwa chimasenza mlandu. Kusiyana kwa "conventional wisdom" ndi "contrary to popular belief" sindinakumvepo kukufotokozedwa kuyambira ku sekondale mpaka ku koleji.

Zovuta zilipo, ndipo sindibisa. Timakhala anthu oposa 20 m'kachipinda kotentha, moti mwayi woyeserera kuyankhula umakupeza mwa apo ndi apo. Magetsi akathima, phunziro la kumvetsera limathera pomwepo, popeza alibe jenereta. Zimandiwawanso kuti ukakhala pa ntchito ya usiku phunziro lakudutsa basi, palibe tsiku lobwezera. Ngati vuto lanu ndi kuyankhula, kalasiyi payokha siikukwanirani. Pezani mnzanu woti muzicheza naye m'Chingerezi.

Koma ngati vuto lanu ndi kulemba ngati ine, pitani. Aphunzitsiwa amachonga chimangirizo chilichonse ndi dzanja, mzere ndi mzere, ndipo amakuitana pambali kukufunsa chomwe umafuna kunena asanakukonze. Chimangirizo changa cha sabata yatha chinali cha zilonda za m'mimba zija, ndipo ndime yoyamba yonse inabwera yopanda inki yofiira. Mayeso ndikulemba mwezi wamawa.