Ndemanga: ma DVD a Star Trek ndi kapepala kolondolera zaka

Ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5. Amene mukufuna ma DVD a Star Trek (nkhani zopeka za pa TV za maulendo a mumlengalenga) omwe akugulitsidwa pa shopu ina mumzinda wa Tete, chakufupi ndi mlatho wa Samora Machel, gulani ndithu, koma musachoke osatenga kapepala kamene mwini shopu amapereka pamodzi ndi mabokosiwo. Ine ndinatenga atatu: The Next Generation, Deep Space Nine ndi Voyager. Zithunzi n'zowala bwino ngakhale pa TV yathu yaing'ono kuno ku Ulongwe, ndipo mawu a Chipwitikizi olembedwa m'munsi amathandiza ana kutsatira. Disiki imodzi inali yokandika, anandisinthira osalimbalimba.

Chandisangalatsa kwambiri ndi kapepalako. Mabokosi anasanjidwa motsata masizoni monga ankaonetsera ku America, ndiye munthu umaganiza kuti ukamaliza loyamba upite ku lachiwiri. Koma nkhanizi zinkakulira limodzi ngati chimanga ndi nyemba m'munda umodzi. The Next Generation inaonetsedwa kuyambira 1987 mpaka 1994, pomwe m'nkhanimo ndi zaka za 2364 mpaka 2370. Deep Space Nine inayamba mu Januwale 1993, inzake ija ili pakati pa sizoni 6, m'nkhani chili chaka cha 2369. Voyager inalowa mu 1995, m'nkhani 2371. Ukaonera bokosi lonse kaye, umangoona Miles O'Brien, mmodzi wa ogwira ntchito pa Enterprise (chombo cha mu The Next Generation), wasowa osadziwa kuti wasamukira ku Deep Space Nine, siteshoni ya mumlengalenga ya pafupi ndi dziko la Bajor. Nawonso a Maquis, gulu la zigawenga, kumapeto kwa sizoni 7 ya The Next Generation amangotulukira, chonsecho chiyambi chawo chinafotokozedwa bwino mu sizoni 2 ya Deep Space Nine.

Mwini shopu anakhala pansi n'kulemba gawo lililonse ndi stardate yake, nambala ija kaputeni amatchula akamalemba za ulendo. Manambala awiri oyambirira ndiwo akukuuza chaka: 41 ndi 2364, 42 ndi 2365, kumapita choncho. Sizoni imodzi ya pa TV, yoyamba chakumapeto kwa chaka n'kutha cha mu Meyi kapena Juni, imawerengedwa ngati chaka chimodzi chathunthu cha m'nkhani. Ndiye ukafika pa 46 ndi 47 umasinthasintha madisiki a mabokosi awiri, ndipo pa 48 Voyager imanyamuka kuchokera pa siteshoni yomwe ija ya Deep Space Nine. Taonera chonchi, nkhani ya anthu a ku Bajor ndi adani awo a ku Cardassia inamveka ngati nkhani imodzi, ndipo inandigwira mtima. Pamene gawo lilibe stardate, zomwe zimachitika kawirikawiri mu Deep Space Nine, analiika potsata tsiku limene linaonetsedwa. Apa anaganiza bwino.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha sizoni yoyamba ya The Next Generation. Nthawi imeneyo olemba nkhani sankasamala kuti manambala azitsatana, koma kapepalaka kawakhulupirira kwambiri. Tasha Yar, mkulu wa chitetezo pa Enterprise, amamwalira m'gawo la Skin of Evil, stardate 41601.3. Gawo la The Big Goodbye lili ndi 41997.7, ndiye kapepala kaliika pambuyo, pomwe linaonetsedwa mayiyo akadali moyo. Mwana wanga wamkazi, amene analira pa maliro aja, anamuona ataimirira pamalo pake pantchito n'kutembenuka: "Ababa, mayi aja si anamwalira?" Zinandipweteka, chifukwa imfa ija inapepuka m'maso mwake. Sizoni imeneyi ioneni monga ilili pa madisiki, kapepala muyambe kukatsatira kuyambira sizoni 2.

China n'chakuti kapepalaka sikatchula filimu ya Generations ya 1994, m'mene chombo chija cha Enterprise (Enterprise-D) chimawonongeka mu 2371. Popanda kudziwa zimenezo, kufika kwa Worf, yemwe ankagwira ntchito pa chombocho, pa Deep Space Nine mu sizoni 4 kumaoneka kwadzidzidzi. Filimuyi simo m'mabokosi atatuwa, muifunefune padera ndipo muionere musanayambe sizoni imeneyo. Zonse ziwirizi ndawauza achimwene a pa shopupo, ndipo anati akonza akamasindikizanso kapepalako.